Mwana wanu akufuna kukasamalira okalamba ku Japan? Ayambe ndi chilankhulo

Mayi wina wandifunsa kuti mtsikana wawo wamaliza sekondale ndiye wamva zoti ku Japan kuli ntchito zambiri zosamalira agogo, akufuna kudziwa ngati zili zoona komanso ngati amulowetse kaye kosi ya unesi.

Sanakunamizeni mayi, ntchitozo zilipodi. Ku Japan anthu pafupifupi 29 pa 100 aliwonse ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo, amene akwanitsa zaka 100 okha akupitirira 90,000, ndipo chiwerengero cha anthu chinafika pachimake mu 2008 kenako chinayamba kutsika chifukwa ana akubadwa ochepa. Mpaka mu 2024 kampani ya Oji Holdings inalengeza kuti isiya kupangira dzikolo matewera a ana, ilimbikira a akuluakulu. Tangoganizani.

Koma chimene chimagwetsa anthu si unesi ayi, ndi Chijapani. Viza ya Specified Skilled Worker imene inayamba mu Epulo 2019 sifunsa digiri, imafuna ukhoze mayeso a chilankhulo, JLPT N4 kapena JFT-Basic, kenako mayeso a luso losamalira okalamba ndi enanso a mawu a pa ntchitoyo, ndipo mayeso a lusowa amalembetsa kwambiri ku Japan komweko ndi maiko a ku Asia monga Philippines, Indonesia ndi Nepal, ndiye ulendo wokalemba nawonso muuwerengere. Vizayi ndi ya zaka 5 basi ndipo sutenga banja. Wofuna kukhalitsa amagwira zaka 3, kuchita maphunziro ena, n'kukhoza mayeso a boma a kaigo fukushishi, satifiketi ya katswiri wosamalira okalamba, mu Chijapani momwemo.

Chinanso mumuuze mosabisa, iyi si ntchito yobaya jakisoni. Ndi kusambitsa agogo, kuwasintha thewera usiku, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita panjinga ya olumala msana uli kuwawa, kuwadyetsa ndi sipuni pang'onopang'ono kuti asatsamwe, ena mutu unasokonekera ndi ukalamba akufunsa funso lomwelo kakhumi ndipo iwe uyankhe mwaulemu kakhumi komweko. Ena amaikonda zedi, ena mwezi umodzi sautha.

Ine ndikanati ayambe kaye wadzipereka miyezi ingapo posamalira okalamba kapena odwala kuti adziyese mtima, uku akuphunzira hiragana ndi katakana, zilembo za Chijapani, pafoni. Unesi ngati akuufuna aphunzire, ndi kosi yabwino payokha, kungoti pepalalo silimulola kugwira ngati nesi ku Japan asanakhoze mayeso awo. Ndipo ejenti amene akuti mulipire ndalama lero viza ituluka mwana asanalembe mayeso aliwonse, musamupatse kanthu.