Tilipo 7 okha osewera Tekken, titani kuti tichuluke?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Iye ndi anzake 6 amasewera Tekken 7, gemu yomenyana ya pa TV, pa makina awiri a PlayStation 4 (PS4) omwe ali nawo pakati pawo. Akuti komwe amakhala aliyense ndi gemu ya mpira ya FIFA basi, ndipo anthu atsopano akabwera kamodzi sabweranso. Ndiye akuganiza zolembera makalata makampani kuti awathandize ndi ndalama, achititse mpikisano waukulu wa mphoto yonona, mwina anthu angakopeke. Akufunsa ngati imeneyi ndi njira yabwino, komanso zomwe iwo eni ngati osewera angachite.

Achimwene, zikomo pondilembera. Kalata ya ku makampaniyo muyambe mwaisunga kaye. Sindikuti ndi yoipa, koma nthawi yake sinakwane. Mphoto yaikulu imadzaza holo tsiku limodzi. Anthu amabwera chifukwa cha ndalamayo, katswiri wanu uja amawakwapula onse n'kutenga mphoto, enawo amabwerera kwawo atakhumudwa, ndipo Loweruka lotsatira mumapezekanso muli 7 omwe aja. Vuto lenileni mwalitchula nokha m'kalata yanu: obwera kamodzi sabweranso. Limeneli ndalama silingathetse.

Ndikufuna mudziwe nkhani ya ku Lahore, m'dziko la Pakistan, chifukwa ndi yomwe imandilimbitsa mtima ndikamaganiza za magulu ang'onoang'ono ngati lanu. Chaka cha 2019 chisanafike, aliyense wotsata Tekken ankadziwa kuti mafumu a gemu imeneyi ali ku South Korea ndi ku Japan. Za Pakistan palibe ankazilabadira. Koma ku Lahore kunali timalo tosewerera magemu komwe anyamata ankakumana pafupifupi tsiku lililonse, kumenyana pa Tekken maso ndi maso kwa zaka zambiri, popanda kamera, popanda kampani yowalipira. Kutuluka kunja kukapikisana kunkawavuta chifukwa cha ndalama ndi ziphaso zolowera m'maiko ena. Mu February 2019 mmodzi wa iwo, Arslan Siddique yemwe amadziwika kuti Arslan Ash, anafika ku Fukuoka movutikira kwambiri n'kupambana EVO Japan. Mu August chaka chomwecho anapita ku Las Vegas, nakagonjetsa Knee wa ku South Korea mu ndime yotsiriza ya EVO, mpikisano waukulu kuposa yonse wa magemu omenyana. Chomwe chinadabwitsa anthu kwambiri n'choti iye ankanena poyera kuti kwawo kuli anzake omwe amalimbana naye mofanana. Sanali kunama. Knee mwini wake anakwera ndege kupita ku Pakistan kukasewera nawo, ndipo patapita zaka zochepa Atif Butt, wa komweko, anatenga chikho cha Tekken World Tour.

Onani dongosolo la zinthu pamenepa. Makampani anabwera pambuyo. Chinayamba ndi malo odziwika omwe munthu ankadziwa kuti akapita akapeza womenyana naye. Ngakhale EVO yomweyo inayamba choncho. Mu 1996 inali kampikisano kotchedwa Battle by the Bay, ka anthu pafupifupi 40, m'malo osewerera magemu ku Sunnyvale, California. Dzina la Evolution linabwera mu 2002. Pofika 2023, olembetsa gemu ya Street Fighter 6 yokha anapitirira 7,000.

Ndiye ntchito yanu yoyamba ndi yosasangalatsa kuimva koma ndi yomwe imanga zonse: sankhani tsiku limodzi, nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo musasinthe. Ngati ndi Loweruka 2 koloko masana, likhale Loweruka lililonse 2 koloko masana. Mvula igwe, mubwere atatu okha, muyatsebe TV. Munthu amene anamva za inu mwezi watha ayenera kutha kungonyamuka osafunsa aliyense, n'kukupezani. Kukumana kwa apo ndi apo komwe mukuchita pano kumatumikira inu 7 amene muli ndi manambala a foni a wina ndi mnzake. Wachilendo kumamutsekera kunja.

Pa malo, ndikulangizani kuti muchoke kunyumba kwa munthu. Mlendo amachita manyazi kugogoda pakhomo pa munthu amene samudziwa, ndipo makolo a mwana wa zaka 15 sangamulole. Pitani kwa mwini shopu yosewerera magemu yomwe a FIFA amadzazana. Mufunseni nthawi yomwe makasitomala amachepa, mugwirizane naye mtengo wa maola atatu, ndipo mumuuze kuti PS4 yachiwiri ndi mapadi (zogwirira m'manja posewera) mubwera nazo nokha. Iye apindula pa nthawi yomwe akanangokhala, inu mupindula malo oonekera. A FIFA aja musawaone ngati adani kapena kuwanyoza kuti gemu yawo ndi yachibwana. Ndi anthu oti padi amaidziwa kale, ndipo pamene akudikira mpata wawo maso awo adzakhala pa TV yanu. Funsaninso za magetsi musanagwirizane: ngati shopuyo ili ndi jenereta kapena sola, imeneyo ndi yoyenera kuilipira ngakhale itakwererako pang'ono.

Tsopano pa nkhani ya obwera kamodzi osabweranso, pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Magemu omenyana ndi ankhanza kwa wophunzira kuposa mpira. Ku FIFA wosadziwa amatha kugonja 3 kwa 1 n'kumapita akukamba za chigoli chake chija. Ku Tekken wosadziwa amaponyedwa m'mwamba, combo (nkhonya ndi mateche zotsatizana mosalekeza) imamudya theka la moyo asanatere pansi, akafuna kudzuka amamenyedwanso, ndipo pakatha mphindi ziwiri amapereka padi osadziwa n'komwe chomwe chamuchitikira. Gemu imayenda pa ma frame (zithunzi zosinthana pa TV) 60 pa sekondi, ndipo nkhonya yachangu kwambiri ya osewera ambiri imatuluka pa ma frame 10. Munthu mmodzi m'gemumo amakhala ndi njira zomenyera zopitirira 100. Inu munaziphunzira pang'onopang'ono kwa zaka, mwina mwaiwala mmene zinkawawira. Ngati pamwamba pa zonsezi anthu akumusekanso, abwererenji?

Ndikupempheni kuti mukhale pansi nonse 7 mudzifunse moona mtima kuti mlendo womaliza uja munamutani. Kawirikawiri zimakhala kuti katswiri wa gulu ndiye anayamba kumutenga, kufuna kuonetsa luso. Kumeneko ndi kudya mbewu.

Sindikuti muzigonja dala. Munthu amazindikira akamamunyengerera, ndipo zimanyoza kuposa kumugonjetsa. Sewerani naye, mupambane, koma mukatha mumuuze chinthu chimodzi chokha choti akonze. Chimodzi, osati khumi. Mwachitsanzo, muuzeni kuti akakankhira kumbuyo amatchinga nkhonya zam'mwamba ndi zapakati, koma zam'munsi zimafuna kuti anjute. Kenako bwerezani dala kumenya kwam'munsi komwe kumamugwetsa kuja mpaka atchinge, ndipo akatchinga mumuonetse chomwe angabweze nacho. Tsiku limenelo apita kwawo atagonja magemu onse koma ali ndi kanthu m'manja, ndipo kanthu kameneko ndi komwe kadzamubweretse Loweruka linalo. Amene anakhalapo pambali pa akuluakulu osewera bawo pamsika akudziwa zimene ndikunena. Mwana amaonerera, tsiku lina amamupatsa mpata, akalakwitsa kutakata wamkulu amamubwezera nkhomo m'maenje n'kumuuza kuti awerengenso. Bawo yafika lero popanda kampani iliyonse chifukwa cha kaphunzitsidwe kameneka.

Wophunzira akasankha Eddy Gordo, mmodzi wa anthu a m'gemumo, n'kumangodina mabatani a miyendo, musiyeni. Ambiri a ife tinalowera khomo lomwelo nthawi ya Tekken 3. Mukamagonja kwa iye, ndinu amene muli ndi chophunzira.

Chizolowezi china chomwe chimapha magulu ang'ono ndi chakuti wopambana atsale pampando. Chimamveka chachilungamo, koma zotsatira zake n'zakuti wodziwa kale amasewera masana onse pomwe wofunika kusewera kwambiri amagwira padi mphindi zitatu pa ola. Ikani malire: ukapambana katatu motsatizana, dzuka. Ndipo popeza muli ndi PS4 ziwiri, imodzi ikhale ya ophunzira okhaokha kwa ola loyamba, wina wa inu ataima pambali kuwathandiza. Wophunzira amafunikanso kupambana nthawi zina, ndipo angapambane pokhapokha akakumana ndi wofanana naye.

Mwalemba kuti nonse ndinu anyamata. Ku Kenya kuli Sylvia Gathoni, wodziwika kuti QueenArrow, yemwe amasewera Tekken yomweyi ndipo mu 2018 anatengedwa ndi timu ya ku America. Atsikana okonda magemu alipo, ambiri amasewera ndi alongo awo kunyumba. Chomwe chimawaletsa kubwera ndi malo ndi kayankhulidwe. Kumanani masana, pamalo posagulitsa mowa, ndipo woyamba kumuyankhula mtsikana zachipongwe kapena kumuvutitsa ndi zomufunsira mumudzudzule pomwepo, ngakhale atakhala katswiri wanu. Zotukwana zichepenso, poti kudzabwera ana asukulu.

Mpikisano muzichita, koma waung'ono, kamodzi pamwezi. Gwiritsani ntchito dongosolo lomwe mipikisano ya magemu omenyana imatsata pafupifupi kulikonse, lomwe munthu amatuluka akagonja kawiri osati kamodzi. Ukagonja koyamba umatsikira ku mbali ya ogonja, komwe ungathe kukwera mpaka ndime yotsiriza. Ubwino wake ndi woti amene wawononga ndalama ya minibasi asabwerere atasewera kamodzi kokha. Challonge ndi start.gg zimakukonzerani ndandanda umenewu pa foni, koma pepala lalikulu lomata pakhoma limagwiranso ntchito, ndipo anthu amakonda kuona dzina lawo litalembedwa. Musaike akatswiri awiri kuti akumane koyambirira. Ndalama yolowera ikhale yoti mwana wasukulu angakwanitse. Gawo lina lipite ku mphoto, lina kwa mwini malo, lina lisungidwe pogulira padi, chifukwa mapadi amafa msanga ndi Tekken. Wosunga ndalama azilemba zonse pa gulu lanu la WhatsApp tsiku lomwelo: zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati. Magulu ambiri sapasuka chifukwa cha gemu koma chifukwa cha kandalama kochepa komwe wina sanalongosole. Zobetcherana musazilole n'komwe. Zikalowa, kuphunzitsana kumatha, popeza palibe angaulule chinsinsi kwa munthu amene mawa adzamudyere ndalama.

Kwa enanu amene simutsogolera, thandizo lanu ndi losavuta kulitchula. Fikani pa nthawi. Bwerani ndi padi yanu ndi chingwe chake. Nyamulani TV osadikira kupemphedwa, ndipo tsalani pomaliza kulongedza. M'gulu lililonse mumakhala munthu mmodzi amene amaimba mafoni, kukumbutsa anthu ndi kuonjezera ndalama ya m'thumba mwake zikaperewera, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Zomba munthuyo ndinu amene mwandilembera. Mutu umodzi susenza denga. Gawani ntchitozi tsopano musanatope, chifukwa wotsogolera akatopa gulu limazima sabata yomweyo.

Wina azijambula ndi foni. Kanema wotchuka kwambiri m'mbiri ya magemu amenewa, pomwe Daigo Umehara anatchinga kumenya konse 15 kwa Justin Wong atatsala ndi kamoyo kochepetsetsa pa EVO ya 2004, ndi waufupi, ndipo anajambulidwa YouTube isanayambe. Chomwe chimakoka anthu m'kanemayo ndi phokoso la oonerera. Inunso musangojambula TV yokha. Jambulani nkhope, kukuwa, kugwirana chanza pomaliza. Masekondi 30 okha, kuti asadye bandulo ya anthu, n'kulemba pansi pake tsiku, nthawi ndi malo.

Mwina ena akuuzani kuti Tekken 7 yatha, poti Tekken 8 inatuluka mu January 2024. Koma Tekken 8 imafuna PS5, Xbox Series kapena kompyuta yamphamvu. Sewerani yomwe anthu anu angaipeze. Gemu ina yomenyana, Super Smash Bros. Melee, inatuluka mu 2001 ndipo mpaka lero ili ndi mipikisano, chifukwa osewera ake ananyamula okha ma TV akale olemera aja chaka ndi chaka. Ngati mukufuna gemu yachiwiri yokopera atsopano, Street Fighter 6 imayenda pa PS4, ndipo ili ndi kasewereredwe kotchedwa Modern komwe kamapeputsa mabatani kwa woyamba kumene. Za pa intaneti musadalire kwambiri. Ndi bwino podziwana ndi osewera a ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, koma netiweki ikamadukaduka gemu ya ma frame 60 imasanduka ina. Zomba ndi Blantyre sizitalikirana. Mukapeza gulu kumeneko, sonkhani ya minibasi mukamenyane nawo asanu kwa asanu, kenako iwo adzabwere kwanu. Palibe chimene chimadzutsa gulu ngati kukhala ndi a tauni ina oti muwagonjetse.

Katswiri wanu mumuuzenso za MenaRD wa ku Dominican Republic. Anapambana Capcom Cup, mpikisano waukulu wa Street Fighter, mu 2017 ali ndi zaka 18, nalandira madola 250,000, ndipo gawo la ndalamazo analibweza kwawo pokweza anzake osewera nawo. Anapambananso chikho chomwecho mu 2023. Wodziwa kwambiri pakati panu sangakule ngati onse omuzungulira ali ofooka. Aliyense amene wamuphunzitsa kutchinga ndi munthu amene adzamukakamize kupeza njira zatsopano.

Gulani kope, muzilemba maina a obwera Loweruka lililonse ndi kuika chizindikiro pa amene wabwera kachiwiri. Pakatha miyezi 6 itulutseni kalata ija. Simudzalembamo kuti mukufuna kuyambitsa chinthu, mudzalemba kuti mwakumana maulendo 24, chiwerengero chinayamba pa 7 n'kufika pomwe chidzafikepo, ndipo zithunzi ndi izi. Muyambire kwa amalonda a m'tauni mwanu momwemo, wogulitsa mafoni kapena mwini malo odyera, ndipo mupemphe chinthu chodziwika monga mapadi awiri kapena malipiro a malo a mwezi umodzi. Mukasankha tsiku ndi malo mundilemberenso, ndidzalengeza pano kuti ena a ku Zomba omwe amawerenga akupezeni.