Kodi magazi a gulu B angasanduke a gulu O?

FUNSO: Achimwene, ine ndimapereka magazi pafupipafupi ndipo ndine wa gulu B. Mnzanga wina akuti asayansi akumatha "kuchapa" magazi n'kukhala a O, oti akhoza kuthiridwa mwa munthu aliyense. Ndi zoona zimenezi? Nanga bwanji sakupanga kuti anthu asamasowe magazi kuchipatala? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Achemwali, mnzanuyo sananame, koma nkhaniyi ikadali mu labu.

Kunja kwa selo yofiira iliyonse kwamera timaunyolo ta shuga. Wa gulu B kunsonga kwa unyolo kuli kashuga kena kotchedwa galactose, wa A kuli N-acetylgalactosamine, wa O kulibe kalikonse kowonjezera. Kusiyana kwake n'komweko basi. Ndiye asayansi amagwiritsa ntchito enzyme, puloteni yapadera imene imakhala ngati kasizasi kodula kashuga kakunsongako. Mu 1982 wasayansi Jack Goldstein ku New York anasandutsa magazi a B kukhala O ndi enzyme yochokera mu khofi wosakazinga, koma inkafunika yambirimbiri komanso imagwira bwino m'madzi owawasa, zomwe maselo sagwirizana nazo. Mu 2007 ofufuza ena anapeza ma enzyme amphamvu mu mabakiteriya, kenako mu 2019 gulu la ofufuza la Stephen Withers ku Vancouver linapeza ena mu bakiteriya wa m'matumbo mwathu momwemu.

Pomwe pakuvuta ndi apa. Timaunyolo tina tamera pa mapuloteni, tili poyera, enzyme imangofika n'kudula. Koma tina tamera pa mafuta a khungu la selo, amenewa ndi ma glycolipids, ndipo ambiri ndi afupiafupi, anamatirira pansi penipeni mapuloteni atawaphimba pamwamba, zili ngati nkhwani wayanga pansi m'munda wa chimanga chowirira, kuti uuthyole mpaka uwerame ulowetse dzanja, ndiye enzyme ndi chinthu chachikulu sichilowa bwinobwino mmenemo. Pa selo imodzi ya gulu A1, mtundu wina wa gulu A, pamakhala zizindikiro za A, timashuga takunsonga tija, pafupifupi 1 miliyoni, ndipo zikangotsalako zina chitetezo cha wodwala chimazizindikira n'kuyamba kuphwanya maselo aja. Izi si zamasewera, munthu akhoza kumwalira. N'chifukwa chake ena amathirako dextran, shuga wa maunyolo ataliatali, kuti ikankhire ma enzyme pafupi ndi khungu la selo.

Chinanso chomwe chinandidabwitsa ine, timaunyolo tina pamwamba pa kashuga ka A kapena B pamakhala kashuga kenanso kotsekereza. Mu 2024 ofufuza a ku Denmark ndi ku Lund, Sweden, anagwiritsa ntchito ma enzyme a bakiteriya Akkermansia muciniphila odula ndi timeneti tomwe, ndipo magaziwo anayamba kugwirizana ndi anthu ambiri kuposa kale, ngakhale osati onse.

Komanso Rh ija, yoti positive kapena negative, ndi puloteni osati shuga, masizasi amenewa saikhudza. B positive angasanduke O positive basi.

Pakadali pano magazi anu a B amapita kwa odwala a B ndi AB, ndipo a Malawi Blood Transfusion Service akuwafuna mmene alilimo.