Blockchain ya mabanki yokhala ndi geti, ndi yeniyeni?

FUNSO: Akonzi, ine ndimadziwa kuti blockchain ndi yoti aliyense amalowa osapempha munthu, ndiye pano ndikumva zoti mabanki akupanga yawoyawo yotumizirana ndalama kunja koma yolowa okhawo ololedwa, kodi si kungobwereka dzina kumeneku? Nanga ndalama zizifikadi msanga?

YANKHO: Ndi yeniyeni ndithu abale. Blockchain ndi kaundula mmodzi amene makompyuta ambiri amasunga kope lofanana, zikalembedwa sizifufutika wamba. Ya Bitcoin, yomwe inayamba mu 2009, ilibe mlonda pakhomo, koma banki singayende choncho chifukwa lamulo limaikakamiza kudziwa kasitomala wake, zija amati KYC zija, komanso bungwe la FATF la ku Paris, lolimbana ndi kuzembetsa ndalama zopezeka mwachinyengo, limafuna kuti dzina la wotumiza ndi la wolandira ziziyenda limodzi ndi ndalamazo, mu 2019 linati lamuloli ligwirenso pa ma crypto, ndalama za pakompyuta ngati Bitcoin. Ndiye banki ilowa bwanji pa netiweki yoti mnzake wa mbali inayo sakumudziwa, mwinanso ali pa mndandanda wa oletsedwa? Nchifukwa chake pali ma blockchain a geti ngati Hyperledger Fabric ndi Corda, pomwe aliyense wolowa amayamba wafufuzidwa.

Za liwiro ndiye pali nkhani. SWIFT, netiweki ya ku Belgium imene mabanki amagwiritsa ntchito potumiza ndalama kunja, sinyamula ndalama ayi, imangotumiza uthenga, ndalamazo zimadutsa m'mabanki apakati, iliyonse ili ndi buku lake, imadula kake, ina yatseka poti kwawo ndi usiku kapena wikendi. Onse akamaona buku limodzi zoyerekezayerekeza mabukuzo zimatha. Banki ya ku America ya JPMorgan ili ndi blockchain yake, Kinexys, yoyenda usana ndi usiku, ndipo mabanki aakulu a boma a China, Hong Kong, Thailand ndi UAE anayesa yawo yotchedwa mBridge.

Koma musanamizidwe kuti kufufuza kwatha. Dzina likafanana ndi la munthu wokayikiridwa ndalama zimaimitsidwabe mpaka wantchito wa kubanki aone mapepala, apa kompyuta siithandiza kwenikweni.

Chimene chimandidetsa nkhawa ineyo ndi mwini kiyi wa getilo. Mabanki akuluakulu akagwirizana okhaokha, kabanki kakang'ono kosakwanitsa mtengo wa kafufuzidwe konseko katsala panja, ndipo makasitomala ake azidutsabe njira yakale yodula ija. Mukamva banki yanu ikunyadira blockchain, ifunseni kuti pa netiwekiyo pali mabanki angati a dziko limene inu mumatumizako, komanso chindapusa chatsika ndi zingati.