Kamera yamatabwa yopanda maholder: igulidwe pa ndalama zingati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa owerenga athu omwe akukhala ku Leeds. Akuti apeza kamera yamatabwa ya Thornton-Pickard Imperial, saizi ya half plate (dzina la muyeso wa galasi lojambulira), pasitolo ya zinthu zakale, ndipo mwini sitolo akufuna mapaundi 280. Lenzi ilipo, mvukuto (chikopa chopindikapindika cha pakati pa lenzi ndi kumbuyo kwa kamera) ukuoneka wabwino, koma timabokosi tolowetsamo galasi lojambulira, lomwe limagwira chithunzi ngati filimu, tija ogulitsa amalemba kuti plate holder kapena dark slide, palibe n'kamodzi komwe. Akufunsa ngati mtengowo uli bwino, komanso ngati angadzapite nayo ku Zomba kukajambulira abale.

Achimwene, pa ndalama imeneyo musagule. Kamerayo ndi yabwino ndithu. Kampani ya Thornton-Pickard inayamba mu 1888, ndipo fakitale yake ku Altrincham, kufupi ndi Manchester, inatulutsa makamera ochuluka zedi, n'chifukwa chake lero sasowa pamsika wa ku Britain. Chosowa ndi holder yolowa bwino kumbuyo kwa kamera yanuyo.

Apa ndi pomwe ambiri amaluzira ndalama. Maholder amakono a filimu, monga a Fidelity ndi Lisco, ali ndi muyeso umodzi, moti ya mainchesi 4x5 imalowa pafupifupi mu kamera iliyonse yamakono ya 4x5. Kale sizinali choncho. Galasi lokha ndi lomwe linali ndi muyeso wogwirizana: quarter plate mainchesi 3¼ ndi 4¼, half plate 4¾ ndi 6½, whole plate 6½ ndi 8½. Koma thabwa lozungulira galasilo aliyense ankapala mwa iye yekha. Lancaster wa ku Birmingham anali ndi mipata yake, Watson wa ku London yake, Thornton-Pickard yakenso, ndipo nthawi zina makamera awiri a kampani imodzi salandira holder imodzi. Mutha kugula zitatu pa intaneti, zonse zolembedwa half plate, n'kupeza kuti ina ikukana kulowa, ina ikugwedera, yachitatu yalowa koma chithunzi chikutuluka chambuu.

Yachitatuyo ndi yomwe imapweteka mtima, chifukwa vuto lake silioneka ndi maso. Mukamakonza chithunzi, mutafunda nsalu yakuda, mumayang'ana pa galasi lakumbuyo. Mukalichotsa n'kulowetsa holder, galasi lojambulira liyenera kukhala pamalo enieni pomwe panali loyamba lija. Zikasiyana ndi milimita imodzi yokha, maso a munthu wojambulidwayo saonekanso bwino, makamaka lenzi ikakhala yotsegula kwambiri. Kalipentala waluso atha kukonza zimenezi, kapena kupanga chakumbuyo chatsopano cholandira maholder amakono a 5x7, koma ku Britain ntchito ya manja ngati imeneyi ikhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa kamerayo.

Choncho ine ndikamawerengera mtengo ndimayambira pa maholder. Kamera wamba yachingelezi yokhala ndi maholder ake awiri kapena atatu, amene inabwera nawo kuchokera ku fakitale, ndi chida chogwirira ntchito. Yopanda maholder ndi chokongoletsera pabalaza, ndipo igulidwe pa mtengo wa chokongoletsera. Kwa mwini sitoloyo ndikanatchula theka la ndalama zomwe akufuna, akakana n'kumapita. Musanabwererekonso, lowani pa eBay muyang'ane zomwe zinagulidwa kale, osati zomwe anthu akungoitanira. Kamera imatha kukhala miyezi yambiri pa mtengo wokwera popanda woigula. Mukapita ku okushoni, kumbukirani kuti pamwamba pa ndalama yomwe mwapambanira amawonjezera gawo lawo, nthawi zambiri loposa 20 peresenti, kuphatikizaponso msonkho.

Dzina nalo limakweza mtengo. Kamera ya kampani ya Gandolfi, yomwe Louis Gandolfi anayambitsa ku London mu 1885 ndipo ana ake anaipitiriza kwa zaka zambirimbiri, imadula, chimodzimodzi Deardorff ya ku Chicago. Zambiri mwa zimenezi zimalandira maholder amakono, ndiye kudulako kuli ndi chifukwa chomveka. Pa lenzi, Rapid Rectilinear yopanda dzina, yomwe imapezeka pa makamera ambiri otere, imajambula bwino koma si yoti wogulitsa adzitamire nayo. Yodula ndi ya mtundu wa Petzval yolembedwa Dallmeyer kapena Voigtländer, poti anthu ojambula ndi wet plate, njira yakale yojambulira pa galasi lonyowa ndi mankhwala, amailimbirana. Onetsetsani kuti mphete yamkuwa yomangira lenzi pathabwa ilipo, chifukwa kupeza ina yogwirizana mazinga n'kovuta ngati kupeza holder.

Mwati mvukuto ukuoneka wabwino. Kunja sikunena zambiri. Utambasuleni wonse, mulowetse tochi mkati pamalo amdima, muone m'makona ngati mukutuluka timadontho ta kuwala. Tochepa timamatika. Chikopa chikamasweka mukachipinda, werengerani mvukuto watsopano pa mtengo. Yang'ananinso timabowo ta thabwa lofumbwa, mano amkuwa oyendetsera kutsogolo, ndi nsalu ya shutter (chotsekula ndi kutseka kuwala) yomwe imakhala kuseri kwa lenzi, yomwe ikakalamba imauma n'kuboola. Pansi pa kamera zambiri zotere pali mphete yaikulu yolandira miyendo itatu yamatabwa, osati bowo la miyendo yamakono (tripod). Miyendoyo ikasowa, naponso pali ndalama yochotsera.

Za ku Zomba, n'zotheka, ndipo ndingakondwe kuona zithunzi zake. Kamera yanuyo ndi ya m'zaka zomwe a Mungo Murray Chisuse ankajambula anthu ku Blantyre, kuphatikizapo banja la a John Chilembwe. Koma nyengo yadzinja imavutitsa zida zotere: chikopa chimachita chuku, lenzi nayonso, ndipo guluu wakale amafewa ndi chinyezi. Opanga ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankapanga zina za thabwa la teak zomangidwa ndi mkuwa m'makona, zopita ku mayiko otentha, ndipo lero ndi zodula. Yanuyo ndi ya mahogany, m'bale wake wa mbawa. Isungeni pouma, podutsa mphepo, osati yotsekeredwa m'chikwama chake chachikopa chaka chonse.

Filimu isakudetseni nkhawa poyamba. Kampani yopanga filimu ya Ilford imalandira maoda a saizi zachikale monga whole plate kamodzi pachaka, koma njira yosaboola m'thumba ndi pepala lotsukirapo zithunzi la 5x7. Mumalidula pansi pa nyali yofiira kuti likwane half plate, n'kuika galasi lakale kumbuyo kwake kuti lisapindike. Limachedwa kugwira kuwala, pafupifupi 3 mpaka 6 pa muyeso wa liwiro la filimu wotchedwa ISO, ndiye agogo adzafunika kukhala phee kwa sekondi imodzi kapena zingapo pamthunzi.

Mukabwerera kusitoloko, funsani kaye komwe kamerayo inachokera. Katundu wa m'nyumba ya munthu akamagulitsidwa, maholder kawirikawiri amatsalira m'chikwama cha kamera kapena m'bokosi lina la zinthu zosakaniza, wogulitsa osadziwa kuti n'zapamodzi. Akawapeza atatu, olowa bwino, otsekula ndi kutseka popanda mng'alu, mapaundi 280 aja mutha kukambirana.