Akazi ndi alendo ali kuti m'mafilimu a zigawenga a ku Hong Kong?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti mafilimu a zigawenga olankhula Cantonese, Chitchaina cha ku Hong Kong, anayamba kuwakonda ali mwana ku vidiyo sho, koma akudabwa kuti mumangodzaza amuna a Chitchaina okhaokha. Kodi ku Hong Kong kulibe mitundu ina?

Iliko, achimwene. Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 8 pa 100 alionse kumeneko si Atchaina. Ambiri ndi amayi a ku Philippines ndi Indonesia ogwira ntchito za m'nyumba, kenako amwenye, a ku Pakistan ndi a ku Nepal, ena obadwira konko.

Chimene chimawatsekera kunja ndi msana wa nkhani zake. Magulu a zigawenga a Chitchaina otchedwa triad amalowetsa munthu pomulumbiritsa malumbiro 36 kuti tsopano ndi m'bale, ndipo kuyambira pamene John Woo anatulutsa A Better Tomorrow mu 1986, nkhani imazungulira pomwepo: ndani wafera mbale wake, ndani wamugulitsa. Mkazi amatsala kukhala chibwenzi, mayi wolira, kapena wogwidwa ndi adani kuti mwamuna apeze chifukwa chosololera mfuti. Wosiyana nawo ndi Sister Thirteen, bwana wamkazi wa zigawenga amene Sandra Ng anasewera mu Portland Street Blues ya 1998, n'kupata nayo mphoto ya Hong Kong Film Awards. Koma taonani tsitsi lometa lalifupi ndi suti ya chimuna. Kuti amuna amumvere, anachita kuvala ngati iwo.

Chimene ambiri kuno sitichiona n'chakuti mlendo wamkulu m'mafilimuwa anali Mtchaina mnzawo. Long Arm of the Law ya 1984 imatsatira anyamata ochokera ku Guangzhou odzathyola sitolo ya golide, n'kukathera m'tinjira tamdima ta Kowloon Walled City, dera lomwe linali la nyumba zothithikana ku Hong Kong. Chaka chomwecho Britain ndi China anasainirana zoti Britain idzabweze Hong Kong kwa China mu 1997, ndiye mantha a owonera anali pa anthu a kutsidya kwa malire. Ife timangowaona onse ngati amodzi, makamaka DJ akawomba Chichewa pamwamba, koma mwini mzinda amamva pa kalankhulidwe kuti uyu ngwakuno, uyu ngobwera.

Amwenye ndi anzawo kwa zaka zambiri ankangopatsidwa ulonda wa pakhomo kapena kagawo koseketsa. Ndi chifukwa chake Hand Rolled Cigarette ya 2020 inandigwira mtima. Bipin Karma, wa mtundu wa ku Nepal, akusewera mnyamata wothawa zigawenga pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo obedwa. Akukabisala ku Chungking Mansions, chinyumba cha pa Nathan Road chomwe amalonda a ku Africa ankakonda kufikirako pokaoda mafoni. Womusunga, yemwe akuseweredwa ndi Gordon Lam, ndi Mtchaina amene kale anali msilikali wa Britain, amene azungu anamusiya opanda pasipoti yawo pochoka.

Ine ndiiyamikira, koma osati kwambiri. Mnyamatayo walowabe pa khomo lakale lomwelija, la umbava ndi ubale wa amuna. Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi ya 1984 ija, ndipo muipeze ya mawu ake enieni, osati yomasulira.