Funsani Akatswiri: Penshoni Yanu ndi Alangizi a pa Masamba a Mchezo

Funso: Ndili ndi zaka 46 ndipo ndikusintha ntchito. Pa TikTok pali mnyamata amene amati ndalama za penshoni zimangogona, bola kumupatsa iye azichitira forex (malonda ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja), ine ndizilandira phindu la 1 peresenti tsiku lililonse. Amaonetsanso zithunzi za anthu omwe alandira kale. Ndiyese ndi theka?
Bambo wina wowerenga

Yankho: Bambo, musayese ngakhale ndi theka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Phindu la 1 peresenti patsiku likamabwerera mu mpamba, ndalama zimachulukana pafupifupi ka 38 pachaka. Ndiye kuti 1,000 isanduka 37,800, ndipo chaka chachiwiri chikamatha ipitirira 1.4 miliyoni. Munthu amene angathedi zimenezi sangataye nthawi kusakasaka penshoni za anthu osawadziwa. Akanakongola kubanki n'kulemera yekha mwakachetechete.

Zithunzizo mwina n'zoona, ndipo msampha wagona pomwepo. Oyamba kulowa amalipidwadi, koma ndi ndalama za olowa pambuyo, kuti akakope abale ndi anzawo. Olowa akayamba kuchepa, ndalama zimayamba kuchedwa kutuluka, kenako mumauzidwa kuti mulipire kaye "msonkho" kuti zanu zimasulidwe, kenako gulu la pa WhatsApp limangotsekedwa. Bernie Madoff, woyendetsa ndalama za anthu ku America, nayenso ankalipira oyamba ndi ndalama za olowa pambuyo, mpaka zinagwa mu 2008. Ku South Africa, kampani ya Mirror Trading International inkatenga Bitcoin (ndalama za pa intaneti) za anthu ponena kuti ili ndi pulogalamu ya kompyuta yochita malonda yokha, ndipo inagwa mu Disembala 2020.

Ngakhale pamene palibe kuba, malondawa ndi oterera. Mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, linanena kuti pa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda obetcha pa mitengo otchedwa CFD, pakati pa 74 ndi 89 amaluza.

Komanso penshoni siigona. Gawani 72 ndi phindu la pachaka, mupeza zaka zimene ndalama zimatenga kuti ziwirikize kawiri. Pa 7 peresenti ndi zaka pafupifupi 10, choncho zimene mungatulutse lero zikanakhala zitachulukana pafupifupi kanayi pofika zaka 66. Onjezerani msonkho umene mayiko ambiri amadula potulutsa msanga. Pemphani osunga penshoni yanu fomu yosamutsira ndalamazo ku thumba la kuntchito yatsopano, zisadutse n'komwe mu akaunti yanu.

Funso: Ndimaphunzira zambiri kwa anthu ofotokoza zachuma pa YouTube ndi Facebook. Ndingadziwe bwanji woyenera kumumvera?
Mayi wa zaka 33

Yankho: Mayi, yambani ndi kufunsa kuti munthuyo amalipidwa ndi ndani. Kawirikawiri njira zake ndi zitatu: kampani imamulipira kuti aitchule, amalandira komishoni pa aliyense wolembetsa kudzera pa linki yake, kapena akugulitsa maphunziro. Pa zonsezi iye amapeza zake tsiku limene inu mwalowa, kaya mudzapindula kaya ayi. Mu Okutobala 2022 bungwe la SEC, loyang'anira misika ya ndalama ku America, linalipiritsa Kim Kardashian, mayi wotchuka pa TV, madola 1.26 miliyoni chifukwa chotsatsa ndalama ya pa intaneti (crypto) yotchedwa EthereumMax pa Instagram osaulula kuti analandira madola 250,000. Ku Britain, bungwe loyang'anira zachuma la FCA linachenjeza mu Marichi 2024 kuti kutsatsa zachuma pa masamba a mchezo popanda chilolezo ungakhale mlandu.

Kenako fufuzani chiphaso. Musakhutire ndi chithunzi cha setifiketi chimene wakutumizirani. Lembani nokha adiresi ya bungwe loyang'anira zachuma m'dziko lanu, pezani dzina la kampaniyo pa mndandanda, ndipo imbani nambala imene ili pamenepo, osati ya pa uthenga. Atambwali amabera dzina ndi chizindikiro cha kampani yeniyeni n'kusintha nambala yokha. Masiku ano amapanganso mavidiyo abodza oonetsa nkhope ndi mawu a munthu wotchuka, ndiye nkhope yodziwika siumboninso. Akakuuzani kutumiza ndalama ku nambala kapena akaunti ya munthu, kapena kuti mwayi ukutha usiku uno, lekerani pomwepo.

Pali vuto lina ngakhale kwa olankhula moona mtima. Vidiyo ya mphindi imodzi sidziwa zaka zanu, ngongole zanu, kapena malamulo a kwanu. Ambiri amakamba za 401(k) ndi Roth IRA, zomwe ndi njira zosungira ndalama za penshoni ku America, kapena ISA, akaunti yosungira ndalama ya ku Britain. Phunzirani mfundo zake, koma musanasunthe ndalama khalani pansi ndi mlangizi wovomerezeka amene angakulembereni malangizo ake papepala n'kusainira.

Funso: Ndinaona vidiyo yonena kuti 1 peresenti imene makampani a penshoni amadula ingandidyere ndalama zambiri. Kodi si kukokomeza?
Mphunzitsi wachinyamata

Yankho: Aphunzitsi, apa wa pavidiyoyo wanena zoona (amatero ndithu nthawi zina). Ndalama yokula ndi 7 peresenti pachaka imachulukana ka 7.6 pa zaka 30. Akadulapo 1 peresentiyo, imakula ndi 6 peresenti ndipo imachulukana ka 5.7 basi. Kusiyana kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa amadula chaka ndi chaka pa thumba lonse, osati pa zimene mwaikamo mwezi umenewo zokha.

Koma mankhwala ake si kutuluka mu penshoni, chifukwa mungataye gawo limene olemba ntchito amakuikirani, lomwe kawirikawiri limaposa zodulidwazo. Pemphani sitetimenti ya pachaka ndipo muonepo zodulidwa zonse pamodzi, phindu lotsala akadula, ndiponso ngati phindulo likuposa kukwera mitengo kwa zinthu. Yerekezaninso ndi mapepala anu a malipiro mwezi ndi mwezi, pakuti pali olemba ntchito ena amene amadula ndalama ya penshoni pa malipiro koma osaitumiza ku thumba. Mukapeza mwezi wosoweka, lemberani kalata osunga penshoniyo ndipo musunge kope lake.