Nkhosa zikuwonda koma mapesi ali mbwee

FUNSO: Ndili ndi nkhosa 9 kuno ku Namwera, Mangochi. Chilimwe chino ndikuzipatsa mapesi a chimanga, koma nthiti zayamba kuoneka. Mnzanga akuti ndisakanize ndi masangwi a mtedza. Kodi zigaya bwino?

YANKHO: Bambo, mnzanuyo wakuuzani zoona. Nkhosa imagaya udzu mothandizidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono ta m'chifu, ndipo timeneti timafuna zomanga thupi. Mapesi ouma ali ndi zochepa kwambiri, choncho amakhalitsa m'mimba, nkhosa n'kumadya pang'ono. Masangwi a mtedza, a khobwe ngakhale masamba a nandolo amapatsa tizilomboti mphamvu, mapesi omwewo n'kuyamba kugayika msanga.

Ine kwathu ndimadula mapesi tizidutswa totalika ngati chala, ndowa ziwiri za mapesi, imodzi ya masangwi. Mukapanda kudula, zimatola masangwi okha n'kupondaponda mapesiwo.

Chimene chimandiwawa n'kuona masangwi atasiyidwa padzuwa mpaka masamba kuyoyoka, chonsecho ubwino wake uli m'masambamo. Umitsani pamthunzi, sungani pathandala. Ochita chuku tayani ndithu. Yambani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi, madzi asasowe, ndipo madzulo muziona ngati zikubzikula.